Kulemba malangizo a cloud pa pulojekiti ya open source: ntchitoyi imayenda bwanji?

Mapulogalamu ambiri aulere amalonjeza pa tsamba lawo loyamba kuti mukhoza kuwayambitsa m'mphindi zisanu. Pa laputopu ya amene anawalemba n'zoona ndithu. Koma wina abwereke seva yatsopano lero, kompyuta yoyendetsera pulogalamuyo pa intaneti, atsate mizere yomweyo umodziumodzi: dzuwa lidzalowa akuyang'anabe uthenga wakuti 502 Bad Gateway, bandulo itatha, iye akudzifunsa kuti waphonya pati. Nthawi zambiri sanaphonye paliponse. Malangizowo ndi amene anadumpha masitepe.

Pakati pa ophunzira za kompyuta ndi ogwira ntchito za IT mu Blantyre muno mumamveka maganizo awiri osokoneza. Oyamba ndi akuti kuthandiza pulojekiti ya open source n'kulemba code basi, zolemba malangizo n'za amene code inawakanika. Achiwiri ndi akuti ntchitoyi imangofuna Chingerezi chosalala. Malangizo oikira pulogalamu pa cloud sali choncho. Gawo lalikulu la ntchito yake ndi kuyesa: kubwereka seva, kugwera m'maenje onse, kulemba pamene pali dzenje lililonse, kufufuta zonse n'kuyambiranso. Kusanja ziganizo kumabwera kumapeto.

## Tiyambe tamvana mawu

Pulogalamu ya open source ndi imene code yake ili poyera, ndipo laisensi yake imalola aliyense kuiwerenga, kuigwiritsa ntchito, kuisintha ndi kugawira ena. Kuno si yachilendo. DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira malipoti a m'zipatala, ndi ya open source, ndipo ntchito yoikonza imatsogoleredwa ndi University of Oslo ku Norway. OpenMRS yosungira mbiri ya odwala ndi Moodle yoikapo manotsi ndi mayeso zili m'gulu lomweli. Code ya mapulojekiti otere imasungidwa ndi Git, chida chimene Linus Torvalds analemba mu 2005, chomwe chimakumbukira kuti mzere uwu anausintha ndani, liti, pa chifukwa chanji. Nkhokwe imene zonsezi zimakhalamo amaitcha repository, ndipo zambiri zili pa GitHub kapena GitLab. Amene ali ndi mphamvu yovomera kapena kukana zosintha ndi ma maintainer. Pano tiziti osamalira pulojekiti.

Cloud si mtambo ayi. Ndi makompyuta a kampani ina, oikidwa m'nyumba zikuluzikulu zoziziritsidwa, amene mumabwereka kudzera pa intaneti n'kumalipira pa ola kapena pa mwezi. Zili ngati nyumba ya lendi ku Chilomoni kapena ku Nkolokosa: denga, mpanda ndi mapaipi n'za landilodi, koma loko wa pachitseko, katundu wa m'kati ndi kuzimitsa magetsi pochoka n'zanu. Makampaniwa amagawa nyumba zawo m'zigawo zotchedwa region. Zapafupi ndi ife zili ku South Africa: Microsoft Azure inatsegula ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, Amazon Web Services, imene ambiri amangoti AWS, inatsegula ku Cape Town mu 2020, ndipo Google Cloud inatsegula ku Johannesburg mu 2024.

Kukhazika pulogalamu pa seva yoteroyo, kuti iziyenda usana ndi usiku, anthu aziipeza pa adilesi yake, deta isamatayike, ndi kumene a IT amati kupanga deploy. Masiku ano ambiri amachita zimenezi ndi Docker. Pulogalamu imabwera yolongedzedwa kale ndi zonse zimene imafuna, ngati katundu wa m'katoni. Katoniyo ndi image, ndipo ikayamba kuyenda pa seva amaitcha kontena.

## Chifukwa chake masambawa amakhala operewera

Mufunseni munthu wobadwira ku Ndirande njira yochokera m'tauni kukafika kwawo. Adzakuuzani kuti kwerani minibasi, mukatsike pamsika, kenako m'pomwepo. Sakunama. Kungoti tinjira tonse ndi mokhota monse zili m'mapazi mwake, sazionanso. Amene analemba pulogalamu ali chimodzimodzi. Pa kompyuta yake Docker anaikapo zaka zitatu zapitazo, fayilo ya mapasiwedi anaikonza kalekale, moti sakumbukira kuti imeneyonso ndi sitepe. Akulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo pa ntchito iyi wobwera kumene ndi amene amaona pamene njira yaduka.

China n'chakuti za cloud sizikhalitsa. Mabatani a pa webusaiti ya kampani amasuntha, mayina amasintha. Poyendetsa makontena angapo pamodzi ndi chida chotchedwa Compose, masamba akale ambiri amalemba `docker-compose` wa kamzere pakati, koma mtundu umenewo unasiya kukonzedwa mu 2023, ndipo watsopano ndi `docker compose`, mawu awiri. Munthu woika Docker lero akakopera command yakaleyo, ndiko kuti mzere wolamula kompyuta, amauzidwa kuti command not found, pa sitepe yoyamba penipeni. Onjezanipo kuti osamalira pulojekiti ambiri ndi ongodzipereka, alibe akaunti kwa kampani iliyonse, ndipo kuyesa kumafuna ndalama.

## Musanalembe kanthu

Yambani n'kuwerenga fayilo ya CONTRIBUTING.md. Imanena kumene malangizo amasungidwa, kalembedwe kofunika ndi mmene zosintha zimatumizidwira. Mapulojekiti ena amasunga malangizo mu foda ya docs pamodzi ndi code. Ena ali ndi repository yapadera, monga Kubernetes, imene masamba ake ali paokha ndipo amamangidwa ndi chida chotchedwa Hugo. Ambiri amalemba mu Markdown, kalembedwe kosavuta komwe mutu umayamba ndi chizindikiro cha #.

Kenako fufuzani mu ma issue, ndiko kuti m'kaundula wa madandaulo ndi zopempha, ngati wina anayamba kale ntchito yomweyo. Ngati palibe, tsegulani yanu mwachidule: ndikufuna kulemba tsamba loikira pulogalamuyi pa seva imodzi ya Ubuntu 24.04 (mtundu wa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows) pa AWS, ndi Docker Compose; kodi mungalilandire, ndipo likhale pati? Safunsa anadya phula. Pali mapulojekiti amene salandira masamba a kampani imodzi, poti amati tsamba lililonse lotero ndi mtolo umene adzasenze okha wolembayo akadzachoka. Iwo amafuna tsamba limodzi lothandiza pa seva iliyonse ya Linux. Ena amawalandira ndi manja awiri, poti anthu awo amakakamira pa zinthu za kampani imodziimodzi zomwezo. Onse ali ndi mfundo, ndipo ndi bwino kudziwa kumene pulojekiti yanu yaima musanawononge ndalama.

Onaninso za chilolezo. Ena amafuna mzere wa Signed-off-by pansi pa commit iliyonse, ndiko kuti pa kamtolo kalikonse ka zosintha kamene Git yasunga. Mzerewo umalowa wokha mukalemba `git commit -s`, ndipo umatsimikiza kuti muli ndi ufulu wopereka zimene mwatumiza. Ena amafuna musaine kamodzi chikalata chotchedwa CLA. Ngati mukulemba m'nthawi ya abwana, funsani kaye ku ofesi. Ndipo musakopere ndime za m'masamba a AWS kapena Google. Ikani linki basi.

## Ntchito yeniyeni: seva yopanda kanthu

Choyamba kupanga pa akaunti yatsopano si seva, ndi chenjezo la ndalama. Makampani atatu onse aja ali ndi poikira budget yoti ikutumizireni imelo bilu ikafika, tinene, madola 5. Dziwani kuti chenjezolo silizimitsa kanthu, limangokuuzani. Cloud si mita ya mayunitsi imene imathima yokha akatha. Ndi mpopi wa bilu ya pamwezi: mukausiya wotsegula, madzi amatayika usiku wonse ndipo bilu idzakupezani.

Mukatero tsegulani fayilo pa laputopu, muzilembamo chilichonse: region, kukula kwa seva, version ya Ubuntu, command iliyonse, zimene yayankha ndi mphindi zimene yatenga. Command imene mwailemba mothamanga pofuna kuchotsa vuto ndi yomweyo imene idzasowe m'tsamba.

Pa seva mumalowa ndi SSH, njira yotetezedwa yolamulira kompyuta muli kutali. Mukangolowa, yambitsani `tmux`. Netiweki ikaduka kapena magetsi akazima kwanu ntchito ili m'kati, command imene imayenda ikhoza kufera panjira. M'kati mwa tmux imapitirira, ndipo mukabwerera mumangolemba `tmux attach`. Wolemba wa ku Berlin mwina sangaganize zoika mzere umenewu. Wa ku Zingwangwa sangauiwale.

Maenje ake ndi omwewo chaka ndi chaka, ndipo loyamba lili pakhomo penipeni. Fayilo ya kiyi ikakhala yoti aliyense pa kompyuta yanu angathe kuiwerenga, SSH imakana n'kulemba kuti UNPROTECTED PRIVATE KEY FILE. Mankhwala ake ndi `chmod 400` pa fayiloyo. Dzina lolowera nalo limasiyana: pa AWS, seva ya Ubuntu imafuna `ubuntu`, ya Amazon Linux imafuna `ec2-user`. Tsamba longoti "lowani pa seva" lasiya munthu pa geti.

Lachiwiri ndi memory. Munthu wa ndalama zowerengeka adzasankha seva yaing'ono kwambiri, ya 1 GB. Mapulogalamu a Java monga DHIS2 ndi OpenMRS, pamodzi ndi database yawo yosungira deta, sakwanamo. Memory ikatha, Linux imapha pulogalamu imene ikudya yambiri, ndipo kontena imangofa ndi nambala 137, popanda uthenga womveka. Choncho musalembe kuti "seva yokwanira". Yesani pa 2 GB, pa 4 GB, pa 8 GB, mulembe pamene inayenda ndi pamene inafa, ndipo nambala 137 yomweyo ilembedwe m'tsambamo kuti woisaka aipeze. Tchulaninso mtundu wa purosesa: maseva a Graviton pa AWS ndi a ARM, ndipo image yomangidwira mtundu wina wa x86 wokha ikafika pamenepo imayankha kuti exec format error.

Dzenje lakuya kwambiri ndi la mageti. Seva ili ndi makomo a manambala otchedwa ma port: 22 ndi ya SSH, 80 ndi 443 ndi a webusaiti, 5432 ndi ya database ya PostgreSQL, 3306 ndi ya database ya MySQL. Alonda ake ndi awiri. Wina ali pa geti la kunja, m'manja mwa kampani ya cloud. Pa AWS amamutcha security group. Wina ali m'nyumba momwemo, monga ufw ya Ubuntu. Webusaiti ikamayankha muli m'kati mwa seva koma kunja osaoneka, nthawi zambiri mwauza mlonda mmodzi, winayo sakudziwa. Limenelo ndi vuto lochepa, poti mumaliona. Choopsa ndi mbali inayo. Docker ikatsegula port imalemba malamulo akeake mu iptables, kaundula wa Linux wa malamulo a makomo, n'kumulambalala mlonda wa ufw. Mukhoza kuona ufw ikunena kuti 5432 ndi yotseka, chikhalirecho database ili poyera kwa dziko lonse ngati geti la kunja silinatsekedwe. Mu fayilo ya Compose, `5432:5432` ndiye kuti aliyense afike, `127.0.0.1:5432:5432` ndiye kuti a m'nyumba okha. Ndipo ngati amene akulankhula ndi database ndi makontena anzake okhaokha, mzerewo usakhalepo n'komwe. Pa intaneti pali makina amene ntchito yawo n'kugogoda makomo otere usana ndi usiku. Tsamba louza anthu kuti atsegule ma port onse kwa 0.0.0.0/0, ndiko kuti kwa aliyense, "pongoyesa chabe" likuphunzitsa aliyense woliwerenga kugona khomo lili pululu.

Deta nayo ili ndi misampha yake. Zolembedwa m'kati mwa kontena zimapita nayo kontenayo ikafufutidwa, n'chifukwa chake database imasungidwa pa volume, malo apadera a pa disiki. `docker compose down` imasiya ma volume. `docker compose down -v` imawafufuta, osafunsa kawiri. Chenjezo lake likhale pamwamba pa command, osati pansi, chifukwa anthu amakopera asanawerenge ndime yotsatira. Msampha wina: image ya PostgreSQL imawerenga POSTGRES_PASSWORD pa ulendo woyamba wokha, volume ikadali yopanda kanthu. Mukasintha pasiwedi mu fayilo pambuyo pake, database imakhalabe ndi yakale, pulogalamu n'kumalephera kulowa, inu n'kumaganiza kuti zala zikuphonya. Pomwepo pali nkhani ya `latest`, mawu oitanira image yatsopano. Mukalemba `postgres:latest`, tsamba lanu likunena china lero, china chaka chamawa, ndipo PostgreSQL 17 singangotsegula mafayilo opangidwa ndi 16 popanda kusamutsa deta mwadongosolo. Lembani nambala imene pulojekitiyo imavomereza, monga `postgres:16`.

Kenako adilesi ndi satifiketi ya HTTPS, yotetezera kulumikizana ndi webusaiti. Dzina la webusaiti liyambe laloza ku IP, adilesi ya manambala ya seva, musanapemphe satifiketi kwa Let's Encrypt, bungwe lopereka masatifiketiwa, ndipo pa njira yofala port 80 iyenera kukhala yotsegula kuti atsimikize kuti seva ndi yanudi. Satifiketi yawo yanthawi zonse imatha pakapita masiku 90, choncho tsamba lionetse mmene munthu angayesere ngati izidzabwerezedwa yokha, ndi `certbot renew --dry-run`. Kwa inu oyesa pali malire: satifiketi ya mayina omwewo simungaitenge kupitirira kasanu pa sabata. Mukamafufuta seva n'kuyambiranso, kasanuko kamakwana Lachitatu lisanafike, choncho poyesa onjezani `--staging`. Dziwaninso kuti seva ya AWS mukaizimitsa n'kuiyatsanso imalandira IP ina, pokhapokha mutaiikira yokhazikika yotchedwa Elastic IP.

Kutsogolo kwa pulogalamu nthawi zambiri kumakhala Nginx, ngati wolandira alendo pa ofesi amene amamva chimene mwabwerera n'kukagogoda ku chipinda choyenera. Manambala ake atatu ndi oyenera kulowa m'tsamba. 502 ndiye kuti wagogoda, kulibe woyankha: pulogalamu sinadzuke kapena mwalemba port yolakwika, ndipo za Java zimatha mphindi zingapo zisanadzuke pa ulendo woyamba. 413 ndiye kuti fayilo yakula, chifukwa Nginx imangolola 1 MB mpaka mutasintha `client_max_body_size`. 504 ndiye kuti wadikira masekondi 60, watopa, zomwe zimachitika pa malipoti akuluakulu.

Port 25 yotumizira imelo makampani a cloud amaitseka kapena kuiikira malire, choncho pulogalamu yotumiza imelo imadzera pa 587. Wotchi ya seva nayo imabwera ili pa UTC, nthawi yoyendera dziko lonse, maola awiri kumbuyo kwa nthawi ya kwathu, moti lipoti lolowetsedwa 1 koloko usiku wa pa 1 likhoza kuwerengedwa m'mwezi watha. Dzina la nthawi ya Malawi m'makompyuta ndi `Africa/Blantyre`. Pa Ubuntu amaika ndi `sudo timedatectl set-timezone Africa/Blantyre`, koma makontena ambiri amafuna kuuzidwa paokha kudzera mu TZ, mzere wa nthawi mu fayilo ya Compose.

Zonse zikayenda, lembani `sudo reboot`. Pulogalamu ikapanda kudzuka yokha, mwaiwala `restart: unless-stopped` mu Compose. Tengani backup ndi `pg_dump`, muibwezeretse pa database yopanda kanthu, muone ngati deta yabwereradi. Kenako fufutani seva yonse, mubwereke ina, mutsate zolemba zanu zokha, mongokopera ndi kumata, osawonjezera ka m'mutu. Pamene dzanja lafuna kulemba chinthu chimene palibe pa pepala, pamenepo pali sitepe yosowa. Ulendo wachitatu ayende mnzanu amene sanaionepo pulogalamuyo, inu mutakhala pambali, mutatseka pakamwa.

## Bilu, ndi kusesa pochoka

Gawo limene limasowa m'masamba ambiri ndi lofotokoza kachotsedwe ka zonse. Kwa kampani ya ku Ulaya madola 10 oiwalika si nkhani. Kwa munthu amene wavutika kupeza khadi lolipirira kunja, m'dziko limene ndalama zakunja zimasowa ndipo kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndi nkhani ndithu.

Kuzimitsa seva si kuibweza kwa eni ake. Disiki yake mumalipirabe. Ma snapshot, makope a disiki osungidwa padera, mumalipirabe. Kuyambira Febuluwale 2024, AWS imalipiritsa IP iliyonse ya IPv4 yoonekera kunja 0.005 ya dola pa ola, pafupifupi madola 3.60 pa mwezi, kaya ikugwira ntchito kaya yangokhala. Ndipo tsamba la maseva la AWS limaonetsa region imodzi pa nthawi: seva yoiwalika ku Cape Town simuiona mukamayang'ana ku Ireland. Malangizo abwino amatchula chinthu chilichonse chimene wowerenga wapanga, ndi mmene angachichotsere. Mitengo ya maseva musailembe, imasintha. Tchulani zimene zimalipiridwa, muike linki ya ku tsamba la mitengo.

## Kaonekedwe ka tsamba

Wowerenga ali ndi seva imene ikudya ndalama mphindi iliyonse, sakufuna mbiri ya Docker. Pamwamba pakhale zofunika asanayambe, ndi mzere wonena kuti zinayesedwa pa chiyani: version ya pulogalamu, ya Ubuntu, kukula kwa seva, mwezi ndi chaka. Sitepe iliyonse ikhale ndi command imodzi m'bokosi lake, pansi pake zimene munthu ayenera kuona ngati zayenda. Musaike chizindikiro cha $ kutsogolo kwa command, anthu amachikopera pamodzi. Musalembere mu Word: imasintha zizindikiro zogwira mawu kukhala zopindika, ndi timizere tiwiri ta `--` kukhala kamodzi kakatali, command n'kufa. Olemba pa Windows asamale ndi mathero a mizere. Script yosungidwa ndi CRLF ikafika pa Linux imayankha kuti bad interpreter, ndi ka ^M kumapeto.

Pa zitsanzo pali mayina ndi manambala osungidwira ntchito imeneyi: example.com, ndi ma IP monga 203.0.113.10. Musaike IP yanu, dzina la kasitomala, kapena nambala ya akaunti imene yaonekera pakona pa chithunzi. Zithunzizo zikhale zochepa, mabatani amasuntha msanga kuposa ma command. Pasiwedi ya chitsanzo isaoneke ngati yogwira ntchito, anthu adzaisiya momwemo. Onetsani mmene angapangire yawo ndi `openssl rand -hex 24`, imene situlutsa zizindikiro zosokoneza monga / ndi $. Kiyi weniweni wa cloud akalowa mu commit n'kufika pa GitHub, kumuchotsa mu commit yotsatira sikuthandiza, chifukwa Git imasunga mbiri ndipo pali makina osaka makiyi otere. Mufufuteni ku akaunti ya cloud nthawi yomweyo, mupange wina.

Mawu akuti simply ndi just achotseni. Kwa amene wakakamira maola atatu amamveka ngati chipongwe.

## Kutumiza

Fork ndi kope lanu la repository pa akaunti yanu. Likokereni pa laputopu ndi `git clone`. Mukawonjezera `--depth 1` mbiri yakale imatsala, bandulo n'kupumako. Pangani nthambi yatsopano, `git switch -c docs-aws-deploy`, mulembe tsamba, muliwonjezere pa mndandanda wa masamba, umene pa MkDocs, chida china chomangira masamba, umakhala mu mkdocs.yml. Ambiri amaiwala apa, tsamba n'kukhalapo popanda njira yolifikira. `mkdocs serve` imakuonetsani mmene lidzaonekere pa 127.0.0.1:8000. Potumiza ndi `git push`, kumbukirani kuti GitHub inasiya kulandira pasiwedi wamba pa Git mu Ogasiti 2021. Pamafunika kiyi wa SSH kapena token yolowa m'malo mwa pasiwedi.

Pull request ndi pempho loti zosintha zanu zilowe mu repository yaikulu. M'menemo nenani zimene mwayesa, pa seva yanji, kangati, ndi zimene simunayese. Lembani `Closes #` ndi nambala ya issue ija kuti idzatsekeke yokha. Musasakanizemo zina, ngakhale mutaona zolakwika makumi awiri pa masamba ena. Pempho laling'ono limawerengedwa msanga. Makina adzayamba okha kuliunika: malinki oduka, kalembedwe ka Markdown, mzere wa Signed-off-by uja. Chizindikiro chofiira chikaoneka sikuti akukanani. Tsegulani muwerenge mzere umene akudandaula.

Kenako n'kudikira. Osamalira ena ali ku America, amadzuka ife tikuweruka; ena amapeza mpata Loweruka lokha. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, kukumbutsa kamodzi mwaulemu sikulakwa. Ndemanga zawo zimakhala zachidule, zopanda "muli bwanji" kapena "pepani", ndipo kwa ife ozolowera kuyamba ndi moni zimaoneka ngati ukali. Nthawi zambiri si ukali, ndi kalembedwe kawo. Konzani pa nthambi yomweyo, pull request imasintha yokha. Ngati simukugwirizana nazo, yankhani ndi umboni: uthenga weniweni umene seva inatulutsa.

## Zimene wolemba wa kuno angawonjezere

Region ya AWS ya ku Cape Town, `af-south-1`, sibwera yotsegula. Mwini akaunti ayenera kuiyatsa kaye, apo ayi command imene ikuyenda bwino ku Ireland imakana ndi uthenga wonga wakuti makiyi anu ndi olakwika. Si mitundu yonse ya maseva imene imapezeka mu region iliyonse, ndipo mitengo imasiyana. Nambala ya image ya Ubuntu pa AWS, yotchedwa AMI, nayo ndi ina mu region iliyonse, choncho tsamba lolemba nambala imodzi limathandiza malo amodzi okha. Ubwino wa South Africa ndi kufupika kwa ulendo wa deta. Ubwino wa ku Ulaya kawirikawiri ndi mtengo ndi kuchuluka kwa zosankha. Tsamba lisasankhire munthu, lingomuuza chimene chimasintha.

Pali funso lina limene malangizo sangayankhe koma ayenera kulikumbutsa: kodi deta imeneyi ikuloledwa kutuluka m'dziko? Malawi ili ndi Data Protection Act ya 2024, imene MACRA imayang'anira, ndipo muli mfundo zokhudza kutumiza kunja zinsinsi za anthu. Mabungwe ena amasankha seva yawoyawo m'chipinda cha pa ofesi, ndi jenereta ndi mabatire ake. Ena amasankha cloud poti magetsi ndi zoziziritsa n'za landilodi. N'chifukwa chake zimathandiza kulekanitsa masitepe a kampani ya cloud, monga kubwereka seva ndi kutsegula geti, ndi masitepe a Linux wamba, kuti wa seva ya pa ofesi ku Limbe adumphe gawo loyamba n'kuyambira pa lachiwiri.

Pull request ikalowa, tsambalo limayamba kukalamba tsiku lomwelo. Ubuntu imatulutsa LTS yatsopano, version yosamalidwa zaka zambiri, mu Epulo zaka ziwiri zilizonse, PostgreSQL imatulutsa version yaikulu chaka chilichonse, pulojekitiyo nayo ili ndi kalendala yake. Pa GitHub, batani la Watch lili ndi posankha kuti muziuzidwa pokhapokha version yatsopano ikatuluka. Uthenga woterowo ukafika, mumabwereka seva kwa ola limodzi, kutsata tsamba lija mzere ndi mzere, n'kusintha manambala a pa mzere wa pamwamba uja wonena kuti zinayesedwa pa chiyani.